MAU A ANTHU NDI MIZINGA YA PA CUBA

Pa 6 August 1945 ndege ya ku America inaponya bomba limodzi lokha pa mzinda wa Hiroshima m'dziko la Japan. Mzindawo unapserera m'kanthawi kocepa, ndipo pofika kumapeto kwa caka anthu pafupifupi 140,000 anali atafa. Patapita masiku atatu bomba lina linagwa pa mzinda wa Nagasaki. Limeneli ndilo bomba la atomu. Mphamvu yace imacokera ku mwala wina wokumba pansi wochedwa uranium, ndipo wambiri wa mwala umene anapangira mabomba oyambawo unacokera ku mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, m'dziko la Congo, cakumpoto kwa migodi ya kopa ya ku Zambia.

Poyamba America yekha ndiye anali ndi bomba limeneli, koma mu 1949 dziko la Russia, limene masiku amenewo linali kuchedwa Soviet Union, linapanganso lace. Pambuyo pace maiko awiriwa anapanga mizinga youluka. Mzinga wotere uli ngati mubvi waukulu wacitsulo. M'kati mwace mulibe munthu, koma umanyamula bomba kumutu kwace, nuuluka mamailosi mazanamazana m'mphindi zowerengeka. Ukangonyamuka palibe munthu angaubweze.

Anthu ambiri amayesa kuti nkhani ya zida zotere iri m'manja mwa atsogoleri awiri kapena atatu okha, ndi kuti munthu wamba alibepo mau. Zimene zinacitika mu October 1962 zionetsa kuti siziri tero kwenikweni. Mfumu ikakhala pabwalo kuweruza mlandu imamvetsera eni mlandu, koma diso lina limakhala pa khamu la m'mbali, pakuti idziwa kuti bwalo likabalalika anthu amenewo ndiwo akanene m'midzi ngati mfumu yao iri yolimba kapena yofooka. Atsogoleri a America ndi Russia nawonso anali ndi makamu ao owapenyerera, ndipo pa masiku 13 amene dziko lapansi linayandikira nkhondo ya atomu, sanaleke kuceukira makamuwo.

CILUMBA CA CUBA

Cuba ndi cilumba cacitali cimene ciri mamailosi 90 okha kucokera ku Florida, kumwera kwa America. Mu January 1959 Fidel Castro ndi anthu ace analanda boma la cilumbaco. Posakhalitsa anayambana ndi America, napalana ubwenzi ndi Russia. Mu April 1961 boma la America linatumiza anthu a ku Cuba othawa kwao, okwana ngati 1,400, kuti akagwetse Castro. Iwo anatsikira pa gombe lochedwa Bay of Pigs, koma anagonjetsedwa m'masiku atatu. Pamenepo n'kuti Pulezidenti John Kennedy atangokhala pa mpando miyezi itatu, ndipo manyazi a kugonjaku sanamcoke. Adani ace a cipani ca Republican anayamba kunena kuti Pulezidenti wacinyamatayo ngofooka.

Mtsogoleri wa Russia anali Nikita Khrushchev. Iye anaopa kuti America adzabweranso kudzathira nkhondo pa Cuba. Mtima unamuwawanso poona kuti America waika mizinga yace 15, yochedwa Jupiter, m'dziko la Turkey, pa malire enieni a Russia. Tsono mu 1962 anatsimikiza mtima kutumiza mizinga ya atomu ku Cuba, pamodzi ndi asilikari oposa 40,000. Akuluakulu a ku Cuba anampempha kuti pangano lao lilengezedwe poyera, popeza panalibe lamulo loletsa, koma iye anakana. Anafuna kuti zonse zicitike mwacinsinsi, ndipo aziulule m'mwezi wa November, anthu a ku America atatha kuponya mavoti ao. Motero ngakhale asanayambe kanthu, Khrushchev anali kale kuwerengera mtima wa anthu wamba a dziko la mdani wace.

KENNEDY ADZIMANGA NDI MAU ACE

Cisankho cimeneco cinali ca aphungu a Nyumba ya Malamulo yochedwa Congress, ndipo tsiku lace linali 6 November. Sitima za Russia zopita ku Cuba zinacuruka kotero kuti sizikanatha kubisika. Phungu wina wa ku New York, dzina lace Kenneth Keating, anayamba pa 31 August kuimirira kawirikawiri ndi kunena kuti Russia ali kumanga malo a nkhondo pakhomo pa America, boma liri gone. Nyuzipepala zinalemba mau ace, ndipo cipani ca Republican cinaona kuti capeza ndodo yokwapulira boma pa cisankho.

Pofuna kutseka pakamwa adani acewo, Kennedy analankhula poyera pa 4 ndi pa 13 September. Anati zida zimene zafika ku Cuba nzodzichinjirizira cabe, koma ngati Russia akaikeko mizinga yotha kufika ku America, pamenepo padzabuka mlandu waukulu, ndipo America adzacita ciri conse cofunika. Ananena zimenezi pokhulupirira kuti Khrushchev sangayerekeze kutero. Sanadziwe kuti sitima zonyamula mizingayo zinali kale panyanja.

Nanga anthu eni ace anafuna ciani? Ku America kuli mabungwe amene nchito yao ndiyo kuyendera anthu a mitundumitundu ndi kuwafunsa maganizo ao, kenaka nawerengera mayankho. Lodziwika kwambiri ndi la Gallup. Pamene linafunsa nyengo imeneyo ngati nkoyenera kutumiza asilikari kukacotsa Castro, ambiri anati ai. Cotero mau a anthu anali a mbali ziwiri. Anafuna kuti Pulezidenti asaoneke wamantha, komanso sanafune kuti ana ao akafere ku Cuba. Mtsogoleri womvera mbali imodzi yokha akadalakwira inzace.

SABATA YA CINSINSI

Pa 14 October ndege yozonda yochedwa U-2 inauluka pamwamba pa Cuba nijambula zithunzi. M'mawa wa Laciwiri, pa 16 October, Kennedy anauzidwa kuti zithunzizo zionetsa malo a mizinga ya atomu. Pomwepo anaitana nduna ndi aphungu ace okhulupirika kuti azikumana tsiku ndi tsiku. M'cipinda cokumaniramo Kennedy anali atabisa makina ojambula mau, ambiri a iwo osadziwa, ndipo ncifukwa cace lero zokamba zao zidziwika bwino.

Zodabwitsa zimene makinawo anasunga ndi izi. Nduna yoyang'anira za nkhondo, Robert McNamara, inanena tsiku loyamba lomwelo kuti kwa iyo mizinga ya pa Cuba siinasinthe kwenikweni mphamvu za maiko awiriwo, popeza America anali ndi mabomba ambiri koposa Russia. Inati bvuto lalikulu linali la ndale za m'dziko mwao momwemo. Kennedy mwini anadandaula kuti mwezi wathawo akadangonena kuti alibe nazo kanthu, koma popeza ananena kuti sadzalola, tsopano sangakhale cete. Mau amene analankhula pofuna mavoti anasanduka cingwe commanga.

Masiku oyambawo pafupifupi onse, ndi Kennedy yemwe, anapendekera ku maganizo akuti ndege zikaphwanye mizingayo modzidzimutsa. Akulu a asilikari anakakamira zimenezi kufikira kumapeto. Mkulu wa ndege za nkhondo, Curtis LeMay, anauza Pulezidenti pamaso kuti kungochinga njira ya sitima kukhala kofanana ndi zimene maiko a ku Europe anacita pogonjera Hitler ku Munich mu 1938, ndipo anaonjeza kuti nzika zambiri za America zidzati boma lafooka. Apa msilikari anasiya za mfuti nayamba kuopseza mtsogoleri wace ndi pakamwa pa anthu.

Koma ena anagwiritsa nchito mau a anthu omwewo kukanira nkhondo. George Ball, ndi pambuyo pace Robert Kennedy, mng'ono wace wa Pulezidenti, anakumbutsa anzao za December 1941, pamene Japan anathira nkhondo pa Pearl Harbor mosacenjeza. Mwana ali yense wa sukulu ku America anaphunzitsidwa kuti cimeneco cinali ciwembu conyansa. Nanga dziko lalikulu likagwera kacilumba kakang'ono usiku ndi kupha anthu zikwi, anthu a ku America adzadziyesa otani, ndipo maiko ena adzati ciani? Mau amenewa anatembenuza mitima ya angapo.

Masiku onsewa anthu sanadziwe kanthu. Kennedy anapitirira kuyenda m'mizinda kukopa anthu za cisankho ngati palibe cacitika. Loweruka pa 20 October, ali ku Chicago, analengezetsa kuti wagwidwa ndi cimfine, nabwerera ku Washington. Pamene olemba nyuzipepala za New York Times ndi Washington Post anayamba kununkhiza nkhaniyo, iye mwini anaimbira lamya eni nyuzipepalazo kuwapempha kuti ayambe adikira, ndipo anabvomera. Kubisa kotere sikukoma m'dziko limene anthu amasankha okha atsogoleri ao. Komabe nkobvuta kukana kuti masiku asanu ndi limodzi a cetewo anathandiza. Nkhaniyo ikadamveka Laciwiri lomwelo, mitima iri yotentha ndi cisankho ciri pafupi, kapena Kennedy sakadapeza mpata wosintha maganizo ace oyamba aja.

DZIKO LONSE LIMVA

Lolemba pa 22 October, nthawi ya 7 koloko madzulo, Kennedy analankhula kwa anthu ace pa wailesi ndi pa kanema. Asanatero anaitana akuluakulu a Congress kuwauza zimene watsimikiza, ndipo ena a cipani cace comwe, monga Richard Russell ndi William Fulbright, anati kuchinga sitima nkocepa, kuli bwino kulowa m'Cuba ndi asilikari. Kennedy anaturuka m'msonkhanomo atakwiya, koma sanasinthe. Anauza anthu kuti sitima za nkhondo za America zizinga Cuba ndi kubweza sitima iri yonse yonyamula zida. Popeza m'malamulo a maiko kuzinga dziko la eni kuyesedwa nkhondo, iye anasankha liu lofatsa lakuti quarantine, limene madokotala amachula popatula odwala nthenda yopatsirana.

A Gallup atafunsanso, anapeza kuti anthu 84 mwa 100 ali onse odziwa nkhaniyo anabvomereza kuzingako. Mantha analipo ndithu. M'mizinda ina anthu anathamangira kumasitolo kukagula zakudya zosunga, ndipo ana m'masukulu anaphunzitsidwa kobisala. Madzulo a tsiku lotsatira abale awiri aja anatsala okha m'cipinda. Robert anauza mkulu wace kuti panalibe njira ina, pakuti akadapanda kucita kanthu Congress ikadamcotsa pa mpando. Mkulu waceyo anabvomera kuti nayenso aganiza comweco.

Kunja kwa America anthu sanakhulupirire msanga. Ku London khamu linasonkhana pa nyumba ya kazembe wa America kutsutsa kuzingako, ndipo nyuzipepala zina zinakayika ngati mizingayo iripodi, kufikira zithunzi zija zinaperekedwa kwa olemba nkhani. Pa 25 October, m'bwalo la United Nations ku New York, kazembe wa America Adlai Stevenson anafunsa kazembe wa Russia Valerian Zorin kuti ayankhe inde kapena ai ngati mizinga iripo pa Cuba. Zorin anazemba funsolo. Pamenepo Stevenson anaimika zithunzi zazikulu pamaso pa onse, anthu miyandamiyanda akupenya pa kanema. Bodza la Russia linaonekera, ndipo cinsinsi cimene Khrushchev anadalira cinamtayitsa abwenzi amene akadamuimira kumbuyo.

Maiko ang'onoang'ono nawo sanangokhala. Oposa 40 osakhala mbali iri yonse, ambiri a mu Africa ndi Asia, anapempha mlembi wamkulu wa United Nations, U Thant wa ku Burma, kuti alowe pakati. Iye analembera atsogoleri onse awiri kuwapempha kuti ayambe aima. Papa John XXIII anadandaulira olamulira pa wailesi kuti amve kulira kwa anthu, ndipo nyuzipepala ya Pravda ya ku Moscow, imene siinali kukonda za mpingo, inasindikiza mau ace. Mapempho otere sanalamule munthu, koma anapatsa Khrushchev khomo loturukira. Anatha kubweza sitima zace nanena kuti wamvera United Nations, osati kuti waopa America.

KHAMU LA KHRUSHCHEV

Ku Russia kunalibe cisankho ca zipani zopikisana, ndipo nyuzipepala zonse zinali za boma. Anthu anauzidwa kuti America ali kucita zauchifwamba panyanja, koma sanauzidwe kuti dziko lao laika mizinga ya atomu pa Cuba. Pa 23 October Khrushchev anatenga nduna zace kupita ku nyumba ya masewero ya Bolshoi, kuti anthu a mu Moscow amuone akusangalala ndi kuleka kuda nkhawa.

Komatu kusowa mavoti sikunammasule. Khamu lace linali laling'ono koma loopsya: anzace a m'bungwe lolamulira cipani, akulu a asilikari, atsogoleri a China amene anali kale kumnyoza kuti ngofewa, ndiponso Castro ndi anthu ace. Anthu a ku America akadatha kumana Kennedy mavoti. Awa akadatha kumlanda Khrushchev mpando usiku umodzi.

LOWERUKA LOOPSYA

Lacisanu pa 26 October kunafika kalata yacinsinsi yocokera kwa Khrushchev. Inasonyeza kuti iye angacotse mizinga ngati America alonjeza kusathira nkhondo pa Cuba. Koma m'mawa wa Loweruka wailesi ya Moscow inaulutsa kalata yaciwiri, dziko lonse likumva, ndipo inaonjezapo mfundo ina: America nayenso acotse mizinga yace ku Turkey. Masiku awiri m'mbuyomo wolemba wochuka wa ku America, Walter Lippmann, anali atalemba maganizo omwewo m'nyuzipepala.

Kuulutsa kumeneku kunaumitsa zinthu. Cimene munthu wapemphedwa kuseri angacipereke mwakacetecete, koma cimene wauzidwa pabwalo, mnzace atagwira mkondo, akacipereka onse ati wagonja. Nduna zambiri zinati America akabvomera, maiko ogwirizana naye a ku Europe adzaona kuti wagulitsa Turkey pofuna kudzipulumutsa. Kennedy anaona mbali ina. Anabwereza kangapo kuti kwa munthu ali yense woganiza bwino kusinthana kumeneku kuoneka kolungama, ndipo sadzatha kufotokozera anthu cifukwa cace analowa m'nkhondo pokanirira mizinga yakale ya ku Turkey, imene boma lace linali kale kuganiza zoicotsa.

Tsiku lomwelo ndege ya U-2 inaomberedwa pamwamba pa Cuba, ndipo woyendetsa wace, Rudolf Anderson, anafa. Panyanja sitima za America zinali kuponya timabomba tocenjeza pa sitima ina ya Russia yoyenda pansi pa madzi, osadziwa kuti inanyamula cida ca atomu. Monga anasimbira ena amene analimo, mkulu wa sitimayo anafuna kuombera, koma mnzace Vasili Arkhipov anamletsa. Zimenezi zinamveka poyera mu 2002. Pansi pa nyanja pamenepo panalibe nyuzipepala, kapena voti, kapena lamulo la mtsogoleri limene likadafikapo.

Madzulo Kennedy anapatula anthu owerengeka okha, ndipo nduna yoona za maiko akunja, Dean Rusk, inapereka nzeru yogawa yankho pawiri. Kalata ya poyera inalonjeza kuti America sadzathira nkhondo pa Cuba, osachula Turkey. Koma usiku womwewo Robert Kennedy anakumana ndi kazembe wa Russia, Anatoly Dobrynin, namuuza pakamwa kuti mizinga ya ku Turkey idzacotsedwa m'miyezi inai kapena isanu, malinga Russia asaulule. Lamulungu pa 28 October Khrushchev anabvomera. Popeza makalata a lamya anali kutenga maora ambiri panjira, anatumiza yankho lace ku wailesi ya Moscow kuti liwerengedwe msanga. 

MTENGO WA CINSINSI

Castro anamva za panganolo anzace atatha kale kugwirizana, ndipo anapsya mtima koopsya. M'miseu ya Havana anthu anaimba zonyoza Khrushchev. A ku China anati wagwada pamaso pa adani. Iye anali nalo yankho, pakuti anapatsidwa lonjezo la Turkey, koma sanaloledwe kulichula. Pamene analemba kalata yofuna kuti lonjezolo likhale pa pepala, Robert Kennedy anaibweza kwa Dobrynin, nati pepala lotere likadzaoneka lidzamuonongera tsogolo lace m'ndale. Khrushchev anasunga cinsinsico. Mu October 1964 anzace a m'cipani anamcotsa pa mpando, ndipo pa zolakwa zimene anamwerengera panalinso za Cuba.

Kwa Kennedy zinayenda mwina. Pa cisankho ca 6 November cipani cace cinaonjeza mipando m'nyumba ya Senate, nicitaya yowerengeka yokha m'nyumba inayo. Kuzinga kunatha pa 20 November, ndipo mizinga ya ku Turkey inacotsedwa mwakacetecete mu April 1963. Mantha amene anthu anaona anathandizanso kuti caka comweco maiko awiriwa aike njira yotumizirana mau mwacangu pakati pa Washington ndi Moscow, ndi kuti pa 5 August, pamodzi ndi Britain, asaine pangano loleka kuyesa mabomba a atomu mumlengalenga ndi m'madzi.

Koma anthu a ku America anatsala ndi mbiri yopunduka. Anakhulupirira kuti mtsogoleri wao anangoima nji osapereka kanthu, mdani nathawa. Mu December 1962 magazini ina inalemba kuti Stevenson anali wofooka cifukwa m'misonkhano ija anachula zosinthana mizinga, cinthu cimene Pulezidenti mwini anacita kuseri. McNamara ndi Rusk anauza Congress kuti panalibe pangano liri lonse la Turkey. Ngakhale Lyndon Johnson, waciwiri kwa Pulezidenti, amene analowa pa mpando Kennedy ataphedwa mu November 1963, sanali m'gulu la ouzidwa.

Cinsinsico cinaturuka pang'onopang'ono. Mu January 1989 akuluakulu otsala a mbali zonse zitatu anakumana ku Moscow kukumbutsana za masiku aja. Dobrynin anafunsa cifukwa cace a ku America sanena zoona za usiku uja. Pamenepo Theodore Sorensen, amene anali mlembi wa Kennedy, anaimirira nabvomera kuti pokonza buku la Robert Kennedy kuti lisindikizidwe, iye ndiye anacotsamo mau oonetsa kuti Turkey inali mbali ya pangano. Apo n'kuti patapita zaka 25 cifere John Kennedy, ndi zaka 17 cifere Khrushchev.